Chimbale chilibe miyendo, eni ake achiyendetse

M'dziko muno muli chizolowezi chimene chakwirira zimbale zambiri zabwino zisanayambe n'kukwawa komwe. Gulu la achinyamata limavutika chaka chathunthu kusonkha ndalama za ku situdiyo, limajambula nyimbo khumi, kenaka n'kutsanulira zonse zotsala pa usiku umodzi wokhazikitsa chimbale. Kukacha, mipando ikabwezedwa kwa eni ake, mwini zokuzira mawu akayamba kulonjerera ndalama zake, chimbale chija chimagona tulo tosadzukanso.

Vutoli likukhudza oimba onse, koma limawawa kwambiri kwa anyamata ndi atsikana a m'maboma monga Salima, amene amaona maphwando akuluakulu a zoimba akubwera pakhomo pawo n'kupita. Limafikanso poipa kwa amene asankha chamba chachilendo, monga rock yothamanga ndi yaukali ija imatchedwa melodic hardcore, imene siimveka kawirikawiri pa wailesi za kuno. Komatu chodabwitsa n'chakuti mankhwala a nthendayi akupezeka m'mbiri ya chamba chomwechi. Eni ake adaphunzira kalekale kuti chimbale choyamba chimagulidwa ndi anthu amene adaonapo gululo likuimba pamaso pawo kangapo konse.

Mlendo ndi mame

Salima si boma losowa mwayi pa nkhani ya zoimba. Lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe, ndipo kumapeto kwa sabata iliyonse galimoto zimatsetsereka mumsewu wa M14 kulowera kunyanja. Ena amakhotera ku Kuti, malo osungirako nyama a mahekitala pafupifupi 2,000 omwe kale adali famu ya ng'ombe, kukaona mbidzi ndi mphalapala. Ena amapitirira mpaka ku Senga Bay kukasambira ndi kudya chambo.

Magombe omwewa aonapo zazikulu. Phwando la Lake of Stars, lomwe lidayambira ku Chintheche mu 2004, lidachitikira ku Senga Bay mu 2008 ndipo lidabweranso m'bomali mu 2018 pomwe gulu la Major Lazer lidaimba ku Kabumba. Nalo phwando la Sand Music, lomwe adayambitsa malemu Lucius Banda, lidabweretsa Busy Signal wa ku Jamaica pagombe la Livingstonia mu 2015, ndi Diamond Platnumz wa ku Tanzania chaka chotsatiracho.

Palibe angatsutse kuti maphwandowa athandiza. Akabaza, ogulitsa nsomba, eni malo ogona alendo ndi osema ziboliboli amapha makwacha masiku atatu amenewo. Koma kwa gulu loimba la m'midzi yozungulira Kuti, phwando lotere ndi mlendo, ndipo akuluakulu adati mlendo ndi mame. Lolemba likafika nsanja imaphwasulidwa, zokuzira mawu zimakwezedwa pa lole, khamu lija n'kubwerera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Gulu latsopano likachita mphumi yopatsidwa mpata, nthawi zambiri limaimba masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ambiri akadali m'tulo kapena m'madzi.

Nanga masiku ena 362 a chaka? Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'boma la Salima muli anthu oposa 470,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata. Amenewa sachoka Lolemba. Ali pa Kamuzu Road, ku Nguwo, ku Lifuwu, ku Chipoka, pa Khombedza ndi pa Thavite. Ali m'sukulu za sekondale ndi pa Salima Technical College. Gulu limene likulota zokaimbira alendo lisanadziwike kwa anthu amenewa laiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Kodi melodic hardcore n'chiyani?

Chambachi chidabadwira ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kholo lake ndi punk. Zida zake n'zochepa: magitala amagetsi, besi ndi ng'oma basi. Nyimbo zake n'zazifupi, zambiri sizidutsa mphindi zitatu. Woimba ng'oma amathamanga ngati wina akumupirikitsa, ndipo wotsogolera nyimbo amakhuthula zakukhosi mokuwa. Chimene chimasiyanitsa melodic hardcore ndi hardcore wamba n'chakuti mkati mwa phokosolo mumakhala nyimbo yeniyeni yoti munthu n'kuiloweza, komanso kolasi yoti khamu lonse livomere limodzi.

Kwa munthu wa kunyanja zimenezi si zachilendo kwenikweni. Asodzi akamakoka khoka, mmodzi amatsogolera nyimbo ena n'kumavomera. Pa beni ndi pa gule wamkulu ng'oma sizinyengerera munthu. Nazo nkhani zimene magulu a chambachi amaimba ndi zomwe zija zimakambidwa pa bawo ndi padoko: ulova, chinyengo cha atsogoleri, kugwa mphwayi kwa achinyamata, ndi kulimbikitsana kuti moyo upitirire.

Ena amaganiza kuti ndi nyimbo za azungu okhaokha. Ayi ndithu. Limodzi mwa magulu amene adaika maziko a hardcore ndi Bad Brains, anyamata anayi akuda a ku Washington DC, Marasta, amene ankasakaniza nyimbo zothamangazo ndi reggae. Chimbale chawo choyamba chidatuluka mu 1982, ndipo chidatuluka pa kaseti, monga momwe zinkatulukira zimbale za ku Balaka ndi ku Chileka.

Makampani akuluakulu ojambula nyimbo sadafune kumva za anyamata aphokosowa. Wailesi zidawakana, ndipo eni malo ambiri azisangalalo adawatsekera zitseko. Ndiye adatani? Adaganiza zochita okha chilichonse.

Mu 1980, Ian MacKaye ndi Jeff Nelson a ku Washington DC komweko adatenga madola 600 omwe gulu lawo la Teen Idles lidasunga kuchokera m'madansi, n'kutulutsa mbale 1,000. Zikuto za mbalezo ankadula, kupinda ndi kumata ndi manja awo. Umo ndi momwe idabadwira kampani ya Dischord, yomwe mu 1986 idatulutsa Can I Say, chimbale choyamba cha gulu la Dag Nasty, chimene ambiri amachiwerengera pakati pa mizati ya melodic hardcore. MacKaye atayambitsa gulu lina la Fugazi, adaumirira kuti mtengo wa pakhomo uzikhala madola asanu okha, komanso kuti achichepere asamabwezedwe pakhomo.

Ku Los Angeles nako, anyamata achisodzera a gulu la Bad Religion adatulutsa chimbale chawo choyamba mu 1982 kudzera ku kampani yawoyawo ya Epitaph, ndi ngongole imene woimba gitala wawo Brett Gurewitz adatenga kwa bambo ake. Patatha zaka 12, kampani yomweyo idatulutsa Smash, chimbale cha gulu la The Offspring chomwe chagulidwa makope oposa 11 miliyoni. Chidwi chikhale apa: chimenecho chidali chimbale chachitatu cha gululo. Nalo gulu la Rise Against la ku Chicago, lomwe lidatulutsa chimbale choyamba mu 2001, lidayamba kumveka kutali ndi chimbale chachitatu cha mu 2004. Ntchito ya chimbale choyamba idali kutsegula njira, kulemera kudadza pambuyo.

Njirayo inkatsegulidwa ndi matayala. Magulu monga Black Flag ankathithikana m'kagalimoto kamodzi pamodzi ndi zida zawo, kuyenda tauni ndi tauni, kuimba m'tiholo ting'onoting'ono ngakhale m'nyumba za anthu, kugona pansi kwa owakonda, n'kumagulitsa mbale ndi malaya patebulo la pakhomo. Gulu likapeza malo abwino oimbira, linkapatsira anzake keyala ndi nambala ya foni. Mapeto ake padapangika mseu umene magulu mazanamazana adadutsamo pambuyo pake. Paja tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Zitsanzo zili pafupi

Wina anganene kuti zimenezo ndi za ku America, komwe kuli misewu yosalala ndi magetsi osazimazima. Chabwino. Nanga za ku Ghanzi? Iyi ndi tauni yaing'ono ya alimi a ng'ombe m'chipululu cha Kalahari ku Botswana. Kumeneko kudachokera gulu la metal lotchedwa Overthrust, lomwe nyimbo zake n'zaukali kuposa hardcore yomwe. Anyamatawa adayambitsa phwando lawolawo la pachaka kwawo komweko mu 2010, ndipo zina mwa zimene amapeza amathandizira ana ovutika. Chimbale chawo choyamba chidadza mu 2015, atatha zaka zisanu akusonkhanitsa anthu, ndipo chaka chotsatira adakaimba ku Germany. Chimbalecho chidapeza anthu akuchidikira kale.

Ku Zambia, zaka za m'ma 1970, magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family adatenga rock ya kunja n'kuithira nsinjiro za kwawo mpaka idasanduka chamba chawochawo cha Zamrock. WITCH, motsogozedwa ndi Jagari Chanda, idatchuka ndi madansi otentha m'matauni a ku migodi ndi ku Lusaka. Paul Ngozi ankaimba zina mwa nyimbo zake m'Chinyanja chimene munthu wa ku Salima angamve popanda womasulira. Boma la Kenneth Kaunda lidathandizapo polamula kuti nyimbo zambiri zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dzikomo.

Mtengo wa kopa utagwa, chuma chitasokonekera, Edzi itatenga oimba ambiri, Zamrock idazilala. Koma mbale zija sizidafe. Zidasindikizidwanso ku America zaka za m'ma 2010, WITCH idadzukanso n'kutulutsa chimbale chatsopano mu 2023, ndipo mu 2024 katswiri wa ku America, Tyler, the Creator, adagwiritsa ntchito mbali ya nyimbo ya Ngozi Family m'nyimbo yake, patatha zaka 35 Paul Ngozi atamwalira. Chimene dziko lidabwerera kudzafuna ndi fungo la ku Zambia lija. Akadangotengera Achimereka ndi Angerezi liwu ndi liwu, bwenzi lero palibe akuwakumbuka.

Ngakhale kuno kumudzi chitsanzo chilipo, kungoti sichidziwika ndi dzina la hardcore. Evison Matafale adatulutsa Kuimba 1 mu 1999 ndipo adamwalira mu Novembala 2001, chimbale chachiwiri chitangotuluka. Ambiri adayesa kuti Black Missionaries yathera pomwepo. Koma anyamata a ku Chileka aja adakwera galimoto. Kwa zaka zoposa 20 akhala akuzungulira dziko lino, m'mizinda ndi m'matauni ang'onoang'ono momwe, ndipo amachititsa chikumbutso chaulere kwawo ku Chileka. Zimbale za Kuimba zadutsa khumi. Chimbale chawo chikamatuluka sipafunika kufotokozera munthu wa ku Salima kapena ku Karonga kuti eni ake ndani, adawaona kale ndi maso.

N'chimodzimodzi a Madalitso Band. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni adaimba m'misewu ndi m'misika ya Lilongwe kwa zaka zoposa khumi, wina ndi babatoni wopanga pamanja, wina ndi gitala la nsambo zinayi ndi ng'oma yomenya ndi chidendene. Pomwe ankakaimba ku phwando la Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, n'kudzatulutsa Wasalala ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva mu 2019, nyimbo zawo zidali zitapsa kale pamoto wa mumsewu, komwe womvera akatopa amangochoka osatsanzika.

Zoona, alipo amene mwayi udawapeza ali pakhomo. Katswiri wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, adatulutsa chimbale cha Malawi Mouse Boys mu 2012, kenaka adajambula akaidi ndi asilikali a ku ndende ya Zomba, chimbale chomwe chidapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. N'zonyaditsa dziko. Komabe ndi magulu angati amene mlendo wonyamula makina ojambulira adzawapeze m'mbali mwa msewu? Kudikira zotere kuli ngati kusiya kulima poyembekeza kuwina lotale.

Msika udasintha, mwambo udatsala

Zaka za m'ma 1990 ndi 2000 woimba ankadziwa kolowera. Akajambula, ankatengera nyimbo zake kwa ogulitsa monga O.G. Issa ku Limbe, makaseti ankachulukitsidwa n'kumwazika m'misika yonse kudzera mwa mavenda. MBC Radio 2 itatsegulidwa mu 1997 ndi TVM mu 1999, nyimbo ikangolowa pamenepo dziko lonse linkaimva. Njira imeneyo idatsekeka. Makompyuta okopera nyimbo adadzaza m'misika, nyimbo zidasamukira m'mamemori khadi ndi m'mafoni, ndipo lero palibe angadalire malonda a CD kuti abweze ndalama za ku situdiyo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwambo wokhazikitsa chimbale udatsala momwe udalili. Holo yodula ya mumzinda, zikwangwani, oimba othandizira khumi ndi awiri, mlendo wolemekezeka woti agule CD yoyamba pamtengo wododometsa, ndi malonjezo a ndalama amene ena mwa iwo amathera m'malere. Mwini chimbale amakwera pansanja tambala woyamba atalira, anthu atatopa. Kale usiku wotere unkatsegulira msika wa makaseti womwe unkadikira m'mawa mwake. Lero ukutsegulira chiyani? Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo phokoso la usiku umodzi silichedwa kuiwalika.

Achinyamata ayankha kuti kuli intaneti. N'zoona. Spotify idafika m'Malawi mu 2021, ndipo YouTube, TikTok, Facebook ndi WhatsApp zili m'manja mwa ambiri. Nkhani ya Giddes Chalamanda, gogo wa ku Chiradzulu amene nyimbo yake yakale idazungulira dziko lapansi pa TikTok cha m'ma 2021 ndi 2022 ataijambulanso ndi Patience Namadingo, ikusonyeza mphamvu ya zipangizozi. Komatu a Chalamanda adali ataimba zaka makumi angapo izi zisanachitike, ndipo Amalawi ankawadziwa kale. Intaneti idangokupizira moto womwe udali ukuyaka.

Tsiku lililonse nyimbo zikwizikwi zatsopano zimaikidwa pa intaneti, moti ya gulu losadziwika imamira ngati mwala m'nyanja. Bandulo ndi yodula kwa mnyamata wa ku Nguwo, ndipo ndalama zimene makampaniwa amalipira munthu akamvera nyimbo kamodzi n'zochepa zedi. Foni ndi yabwino polengeza dansi ndi pogawana kanema wa dansi yadzulo. Koma dansiyo iyenera kuyamba yachitika.

Njira yake nayi

Gulu la ku Salima lomwe likukonzekera chimbale choyamba, kaya la rock, reggae, gospel kapena manganje, liyambe ndi kuimba nyimbozo pamaso pa anthu lisanapite ku situdiyo. Khamu ndi mphunzitsi wosabisa mawu. Nyimbo imene anthu akhala pansi ikamaimbidwa katatu konse ndi yofunika kuikonzanso kapena kuisiya. Imene ana ayamba kuiimba pobwerera kwawo ndiye yoyenera kutsegula chimbale. Ndalama za ku situdiyo n'zovuta kupeza, zisamathere pa nyimbo zosayesedwa.

Chachiwiri, kukhazikitsa chimbale kukhale ulendo wa miyezi itatu m'malo mwa usiku umodzi. Masamu ake ngosavuta. Gulu litaimba malo khumi, pamalo alionse n'kubwera anthu 100 okha, ndiye kuti anthu 1,000 aliona maso ndi maso. Holo imodzi ya ku Lilongwe singapereke zimenezo kwa gulu lomwe dzina lake silidamvekepo. Maholo a sukulu, a mipingo ndi a khonsolo alipo, mabwalo a mpira aliponso. Dansi ikhale ya masana, mtengo wa pakhomo ukhale woti wakabaza n'kukwanitsa, ndipo ithe kusanade kuti atsikana ndi ana asukulu nawo afikepo. Mfumu ya dera ndi apolisi adziwitsidwe nthawi ikadalipo.

Nthawi ya chaka nayo ndi yofunika kuiwerenga. Kukhazikitsa chimbale mu Januwale kapena Febuluwale, anthu akusaka ufa ndi fizi, n'kudzitaya. Ndalama zimayenda m'midzi mpunga, mtedza ndi thonje zikagulitsidwa. Kunyanja nako kuli kalendala yake: asodzi a usipa amagwira ntchito usiku ndi nyali, ndipo mwezi ukawala kwambiri kapena mwera ukavuta, ambiri amakhala kumtunda. Gulu lodziwa kwawo limaika dansi ya padoko masiku amenewo. Izi wokonza madansi wa mumzinda sangazidziwe, ndipo apa ndi pamene mwana wa pakhomo amaposera mlendo.

Chachitatu ndi kugwirana manja. Zida zakwera mtengo, makamaka kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Gulu limodzi silingathe kulipira lokha zokuzira mawu, jenereta, mafuta ndi galimoto. Magulu atatu angathe, ngakhale atakhala a zamba zosiyana, ndipo lililonse limabweretsa anthu ake amene amamvako nyimbo za enawo. Gulu la ku Salima liitane la ku Nkhotakota, Dedza kapena Mangochi mwezi uno, nalo likaitanidwe mwezi wamawa. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi, wailesi zoyamba kugogoda ndi za pafupi, monga Chisomo ya ku Salima, ya Nkhotakota ndi Dzimwe ya ku Mangochi. Oimba apiteko ndi miyendo yawo, akacheze pa wailesi, akatchule tsiku ndi malo a dansi yotsatira. Palinso wailesi zina zosalembetsedwa: minibasi, njinga zamoto, malo ometera tsitsi ndi timashopu tokopera nyimbo. M'malo molimbana nawo, gulu liwapatse lokha nyimbo ziwiri zaulere kuti zifalikire, zotsalazo zigulitsidwe pa dansi ndi pa foni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, pamodzi ndi malaya olembedwa dzina la gululo.

Chachisanu, mapepala akhale m'malo. Bungwe la Cosoma lilipo kuyambira 1992 ndipo lamulo loteteza aluso lidakonzedwanso mu 2016, koma bungweli silingalipire munthu amene sadalembetse nyimbo zake. Mamembala a gulu alemberanenso pepala lonena amene adapeka nyimbo iliyonse ndi momwe ndalama zizigawidwira. Magulu ambiri amapirira limodzi pa umphawi, n'kudzapasuka tsiku limene envelopu yoyamba yafika.

Nkhawa za makolo

Pali chopinga china chimene gulu la rock silingachizembe. Makolo ambiri, ku tchalitchi ndi ku mzikiti komwe, akamva magitala olira mwaukali ndi mnyamata wokuwa atavala zakuda amaganiza za chamba chosuta, mowa ngakhale za satana. Nkhawa imeneyi si yoseka. Kholo limene laona ana a m'mudzi akusiya sukulu chifukwa cha timabotolo ta mowa wotchipa lili ndi chifukwa chokayikira chilichonse chosonkhanitsa achinyamata.

Yankho lake ndi khalidwe ndi mawu a nyimbo. Ian MacKaye uja adatchuka ndi kukana mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, mpaka padabadwa gulu la achinyamata otsatira moyo umenewo. Greg Graffin, woimba wa Bad Religion, ali ndi digiri ya udokotala wa sayansi ndipo waphunzitsapo ku yunivesite. Dansi ya masana yopanda ndewu imalankhula kuposa mtsutso uliwonse. Ndipo nyimbo ikakhala m'Chichewa kapena m'Chiyao, kholo limadzimvera lokha kuti mwana akuimba za mtengo wa feteleza, za nsomba zimene zikuchepa m'nyanja, za mkulu wake amene adapita ku Joni osabwerako, kapena za mnzake amene adakwatiwa ali Sitandade 7. Phokoso lokhala ndi uthenga womveka limapeza malo pakhomo. Lachingerezi chosamveka limangokhala phokoso.

Nawo akuluakulu achitepo kanthu

Udindo suli pa oimba okha. Khonsolo ya boma ingathe kutsitsa mtengo wa holo kwa magulu a achinyamata masana a Loweruka, palibe chimene ingataye. Okonza maphwando a kunyanja angathe kupatula ola limodzi la madzulo, khamu litadzaza, kuti likhale la magulu a m'boma momwe akuchitira phwandolo. Eni malo ogona alendo amene amalemba magulu kuti asangalatse alendo awalole kuimba nyimbo zawozawo, m'malo mowaumiriza kubwereza za Bob Marley usiku wonse.

Palibe akunena kuti zokuzira mawu zikaikidwe pakati pa mbidzi za ku Kuti. Nyama zimafuna bata, ndipo alendo amapitira bata lomwelo. Koma malo otere, pamodzi ndi mahotela a ku Senga Bay, amalandira anthu a ndalama m'thumba sabata iliyonse. Pambali pa ziboliboli ndi madengu pangathe kukhala malaya ndi chimbale cha gulu la m'midzi yoyandikana nayo, komanso kapepala kolengeza komwe gululo likuimba Loweruka limenelo. Mlendo wofuna kudziwa Salima weniweni adzapitako, ndipo akakapeza anthu 200 a m'deralo akuvomera kolasi limodzi, adzakafotokoza kwawo popanda womutuma.

Zonsezi n'zotopetsa, ndipo palibe chitsimikizo choti gulu lililonse lidzafika ku Geneva kapena ku Germany. Ambiri sadzafika. Koma gulu limene lazungulira kuyambira ku Chipoka mpaka pa Thavite limatsala ndi chinthu chimene wokopera nyimbo sangabe ndipo mlendo wolemekezeka sangalonjeze: anthu odziwa dzina lake, amene adzafunse okha kuti chimbale chachiwiri chituluka liti.